Chithunzi cha Mwana wa Mlongo Wanga

Chinali chaka cha 2022, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Usodzi ndinali nditasiya, ndikungokhala pakhomo panga kufupi ndi Nkopola.

Mwana wamkazi wa mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu amene anapita ku Joni kukagwira ntchito. Ine ndine mjomba wake, ndipo nkhoswe ya ukwatiwo ndinali ine. Mwamunayo atakhalitsa kumeneko anayamba kuumiriza mkazi wake kuti amutumizire chithunzi ali wosavala, ati wamusowa. Mwanayo anatumiza chimodzi. Anatumiza kwa mwamuna wake wa nikaha, ukwati wa Chisilamu, osati kwa wina.

Ine ndinamva mochedwa. Lachisanu lina potuluka mumzikiti, anthu amene amandipatsa moni ndi manja awiri anangolonjera maso ali pansi. Masana omwewo mlongo wanga anandiuza akulira kuti chithunzicho chili m'mafoni a anyamata a padoko.

Ndinamuitana mwanayo ndi kumufunsa kamodzi kokha.

"Unatumiza kwa angati?"

"Kwa mmodzi, amjomba."

Ndinamukhulupirira. Ena onse ndinawakayikira: wokonza mafoni wa pamsika amene anasungapo foni yake, amuna ogona chipinda chimodzi ndi mwamunayo ku Joni, koma makamaka mwamunayo, poti zinali zitamveka kale kuti ali ndi wina kumeneko.

Kwathu nkhani ya banja imayambira kwa ankhoswe. Tinakhala pamkeka, ine ndi nkhoswe ya kuchimuna, amene anali amalume a mwamunayo. Iwo anatulutsa foni.

"Achimwene, taonani kaye. Ngakhale mlandu wa mbuzi timapita kumunda kukaona chimangacho."

"Bwezani m'thumba. Mwana wa mlongo wanga sindingamuone ali chomwecho."

"Ndiye muweruza bwanji, mutatsinzina?"

"Nanga inu mwaona kangati?"

Anabweza foniyo m'thumba. Kenako ananena okha, monyadira, kuti anali atatumiza kale kwa abale onse a kuchimuna, a ku Chowe, a ku Namwera ndi a ku Joni, kuti aliyense alankhule ataona yekha. Kwa iwo kumeneko kunali kuyendetsa bwino mlandu. Mafoni amene anyamata a padoko sanawafikire anafikiridwa ndi nkhoswe.

M'mawa mwake ndinamutenga mwanayo kupita kupolisi ku boma. Mayi amene tinamupeza anatilandira bwino. Anati lamulo lilipo, wofalitsa chithunzi chotere akhoza kumangidwa, koma pafunika mboni. Ndinaganiza za mbonizo. Iliyonse inali nacho chithunzicho m'thumba mwake.

Anatiuzanso za njira ina ya pa intaneti. Foni imatenga chizindikiro cha chithunzi, ngati chidindo cha chala, n'kutumiza kwa eni masamba a mchezo kuti akachipeza achichotse. Chithunzi chenichenicho, ati, sichichoka m'foni. Ine ndinakana. Mwamuna uja nayenso analonjeza kuti sichichoka m'foni mwake. Ndinafunsa kuti wolandira chizindikirocho ndi ndani, kwawo n'kuti. Panalibe womudziwa.

"Amjomba, ndiloleni ndiyese," anatero mwanayo. "Chatsala n'chiyani choti ndibise?"

Anachita yekha, ine nditatembenukira kukhoma.

Pamasamba aja akuti chinachokadi, amene amayendamo anatero. Koma m'mafoni a anthu mulibe dzanja lofikamo. Ndinayenda khomo ndi khomo ndi ndodo yanga kwa aliyense amene ndinamva kuti ali nacho. Ankadina-dina n'kunena kuti, "Tafufuta, agogo, onani." Ndionenji? Ndinalekera Sitandade 6. Pepala ndimawerenga, koma m'kati mwa foni sindidziwamo. Wina ndinamumva akuseka ndisanafike n'kumsewu komwe.

Mwamunayo sanabwere. Anatumiza talaka ya mawu pafoni yothetsa ukwati, ati abale ake onse amuona mkaziyo, sangathenso kukhala naye. Sipanapite nthawi tinamva kuti wakwatira. Amene anayamba kufalitsa sanadziwike. Mwanayo anausiya mlanduwo, poti womangidwa woyamba akanakhala agogo a ana ake, nkhoswe ija.

Zimene tinataya ndi izi. Ukwati umodzi. Benchi imodzi ya usipa pamsika, chifukwa mwanayo sanathenso kuima pamaso pa amuna ogula, anasamukira ku Zomba. Ana ake awiri anapita naye, pakhomo pa mlongo wanga patsala zii. Ine ndinataya munthu amene ndinkasewera naye bawo kuyambira tili achinyamata, nkhoswe yomweyo. Unkhoswe nawonso ndinausiya. Abwera atatu kudzandipempha, onse ndawabweza.