A Chizimitsa ndi Bodi Yoiwala

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anthu amawatchula kuti a Chizimitsa. Ntchito yawo ndi kukonza timabodi timene timalamulira makina: masikelo a m'magolosale, mapampu a madzi, mageti otseguka okha aja. Kashopu kawo kali kuseri kwa nyumba yometera, mawaya ali mbwee, fungo la mtovu wosungunuka kuchita kutsamwitsa. Dzinalo analipata chifukwa cha khalidwe lawo. Akakonza chinthu, chikugwira ntchito bwinobwino, amazula pulagi mwiniwake akuona. Ukadandaula amangoti, "Chinthu timachidziwa chikadzuka."

Ine ndinkaseka nawo anthu otuluka thukutawo, osadziwa kuti tsiku langa likubwera.

Ndinasiya ntchito ya muofesi n'kugula makina oswetsa mazira. Ulendo woyamba mazira onse anasukusa. Amuna anga ananena mosapsatira kuti zikachitikanso, makinawo agulitsidwe, ine ndibwerere kuofesi ndinathawako kuja. Ndiye ulendo wachiwiriwu ndinkawalondera ngati khanda.

Mazira akatsala pang'ono kuswa safuna kutembenuzidwa. Ndinadina mabatani, thireyi yotembenuza mazirawo inaima. Masana magetsi anathima kanthawi kochepa, ndipo atangoyaka ndinamva ngwiii! Thireyi ija yayambanso kupendeka, mazira ena atang'aluka kale. Mayo ine! Ndinaiimitsanso, n'kuimbira alamu misozi ili chuchuchu.

Anafika panjinga yamoto, laputopu ili kumsana. Moni sanapereke n'komwe. Anamasula chivundikiro, n'kusuzumira kabodi kobiriwira kokwana pachikhatho.

"Alamu, bodi yanuyi ndi yoiwala," anatero. "Zimene mumadinazo imangovomera pakamwa. Magetsi akathima, imabwerera ku zimene anaiuza kufakitale. Mazira oyamba aja si inu munawapha ayi."

Abale, mawu amenewo anandimasula pachifuwa. Nthawi yonseyi ndinkadziona ngati chitsiru.

Analumikiza kawaya kuchokera pabodi kupita pa laputopu. Pa sikirini yakuda panatuluka mizere ya zilembo, iwo maso ali waliwali ngati aona mnzawo wakalekale. "Onani! Kutentha ndi uku, chinyezi ndi ichi. Eya, wotembenuza uja ndamupeza. Gona iwe!" Anasintha zonse akuimba kanyimbo kapansipansi, kenaka nkhope inasintha.

"Tsopano ndikuzilemba m'kati mwenimweni mwa bodi. Wayayu asagundidwe. Akagundika isanamalize, bodi isanduka mwala."

Kamzere kanayamba kukwawa pa sikirini, pang'onopang'ono ngati nkhono. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, amuna anga n'kulowa, phazi likulunjika pawaya pomwepo.

"Imani!" tinakuwa tonse awiri.

Bambo wamkulu ndi ndevu zake anaima ndi mwendo umodzi, wina uli m'malere, chikwama chili m'manja, osaphethira. Anakhala choncho mpaka alamu anaomba m'manja. "Yalowa! Pondani, achimwene."

Ndisanapume n'komwe, ndinaona dzanja la alamu likupita kupulagi. Ndinaligwira.

"Alamu, chonde, lero lokha ayi! Muli ana m'menemo!"

"Mukufuna mudziwe lero ine ndilipo, kapena mawa ndili kutali?"

Ndinawasiya, koma mumtima ndinawatukwana, ndisaname. Anazula. Fani ya m'makina inaima, m'chipinda munangoti zii. Ndipo m'batamo tinamva zimene phokoso la fani linkatibisira: tsiyo, tsiyo, tsiyo, timawu tochokera m'kati mwa zigoba.

Anabwezera pulagi. Nyali inayaka, fani inalira, manambala anabwera omwe aja. Tonse maso pathireyi. Sinasunthe ngakhale pang'ono! Ndinalumpha n'kuwakumbatira alamu mpaka magalasi awo anagwa, iwo akuseka chikhakhali.

Titacheuka tinapeza amuna anga atagwada, mphuno ili pagalasi la makina, akuonerera kamlomo kakugogoda chigoba. Anayankhula osatembenuka.

"Mayi, kodi khola la anapiyewa timange mbali iti?"