Tsiku Limene Ndinamunamiza Tikambenji

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Nkhondo ya Jeremani inali itatha zaka zingapo, ine ndili mbeta, ndikusenza madengu oluka atate kukagulitsa pa mishoni ya kwathu, kutsidya kwa mtsinje wa Katete. Tsiku lina Dona woyang'anira sukulu ya amayi anasankha madengu awiri aakulu, nandipatsa mpeni kuti ndiboole pansi pake. Ndinakana. Ndinati, "Dona, dengu limodzi atate amaluka masiku anayi. Ngati mwaligula kuti muliwononge, dulani nokha." Amayi amene anali pamenepo anagwira pakamwa, koma Dona anaseka mpaka misozi, nati munthu wochitira chifundo dengu angasamalenso mpira. Lolemba lake ndinayamba ntchito.

Madenguwo anali a masewera amene Dona anabwera nawo kuchokera kwawo, mpira woponya m'dengu. Osewera ake anali akazi a amuna amene ankaphunzira uphunzitsi pa mishonipo. M'mawa amayiwa ankaphunzira kusoka ndi kuwerenga, dzuwa likapendeka ankapita kubwalo. Dona tinawatcha aNawenzulo chifukwa wenzulo sankachoka pakhosi pawo, ngakhale popita kutchalitchi.

Anthu amaganiza kuti kusunga mpira si ntchito. Mpira wathu unali umodzi, wachikopa, wokhala ndi chubu m'kati. Ndinkaupopa ndi pampu yamkuwa, kupinda kamlomo ka chubu, kukamanga ndi ulusi, kenaka kutseka pakamwa pa chikopa ndi kachingwe, monga amamangira nsapato. Mfundo ikatumphuka inkang'amba zala za osewera, ndiye ndinkaibisa m'kati ndi chisongole cha nsungwi. Loweruka lililonse ndinkaudzoza mafuta a nsatsi kuti chikopa chisang'aluke. Bwalo tinalitsira dothi la pachulu n'kulipamantha. Ine ndinkalisesa, kuchotsa minga ya nseso, kuwaza madzi kuti fumbi ligone, ndi kulemba malire ndi phulusa. Madengu ndinkawamanga ndi luzi pamwamba pa milongoti iwiri ya muwanga, wina uku wina uko. Masewera akayamba ndinkakhala pachipata ndi zikho ziwiri: mpira ukalowa m'dengu, ndiponye njere ya chimanga m'chikho cha mbali imeneyo.

Chipatacho ndicho chinali mtima wa ntchito yanga. Bwalo linali lozingidwa ndi mpanda wa udzu, wautali kuposa munthu, chifukwa amayi ankasewera atakwinda nsalu mpaka pamwamba pa maondo. Amuna awo analola masewerawa pa pangano limodzi, lakuti diso la mwamuna lisalowemo. ANawenzulo anandiuza tsiku loyamba lomwe, "Naphiri, maso a amayiwa ali pa mpira. Maso awo a pachipata ndiwe."

Poyamba zinali zoseketsa. Amayi ankathawa mpira, ena ankauwakha n'kuthamanga nawo m'khwapa ngati nkhuku yoba. Koma chaka chisanathe anaphunzira kuunjanjitsa pansi, kupatsirana osayang'anana, kutchinga mnzawo osamukhudza. Anagonjetsa atsikana a sukulu yogonera, ana amiyendo yopepuka. Anayenda masiku awiri kukasewera ndi amayi a mishoni ya cha ku Sinda, nabwerako akuimba. Chaka chotsatira a ku Sinda anatilondola kwathu kudzabwezera, tinawakwapulanso. Madona a mamishoni anasoketsa mbendera yofiira yoti izikhala kwa opambana, ndipo inakhala m'chipinda chathu chosokera zaka ziwiri. Ine ndinkaikung'untha fumbi ngati ndi nsalu ya ukwati wanga. Ndinali wonyada, ndisabise. Ndinkayenda pamsika mutu uli m'mwamba ngati woponya ndine.

Woponya weniweni anali Tikambenji, mkazi wa Yelemiya. Anali wamfupi, wamanyazi, woti ukamupatsa moni amayankhira pansi. Koma akagwira mpira ankasanduka munthu wina. Ankaima kutali, kupinda maondo pang'ono, mpira n'kutsika m'dengu osakhudza m'mphepete. Anandiuza tsiku lina tikuchapa kudambo kuti chibadwire palibe chimene anthu anamuyamikirapo kupatula chimenechi. Iye anali wokwatiwa chitengwa, kutanthauza kuti kwawo kwa mwamuna ndiko kunali kwawo, ndipo mawu a apongozi ake, aMbewe, ndiwo ankalamula.

Chaka chachitatu kunabwera amayi a cha ku Vubwi kudzalimbirana mbendera. Anali aatali, ozolowera kusewera ndi anzawo a ku Nyasalande, ndipo mbiri yawo inafika iwo asanafike. Tsikulo linakumana ndi msonkhano wa Mgonero, anthu a m'midzi yonse atadzaza pa mishoni. Akuluakulu a mpingo anapempha kuti mpanda utsegulidwe mbali imodzi, anthu aone. ANawenzulo anavomera mokondwa. Amayi anakambirana ndi amuna awo, nagwirizana kuti asewera, koma aliyense amene apongozi ake aamuna angafike atuluke, alowe wina.

Pano ana a masiku ano afunika kuwafotokozera. Kwathu mkazi sankayang'anana ndi atate a mwamuna wake. Mukakumana panjira unkapatukira kutchire n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Zoti akuone maondo, ukulumpha, ukukuwa, sizinkatchulidwa n'komwe.

Tikambenji anandikokera pambali tisanayambe. "ANaphiri, apongozi anga anati mwina abwera ku Mgonero. Mumawadziwa. Mukangowaona mundikodole, ndituluka." Ndinati, "Sewerani mtima uli m'malo. Ntchito yanga ndi imeneyo."

Gawo loyamba linali lowawa. A ku Vubwi ankatenga mpira pamwamba pa mitu yathu, ndipo chimene chinatisunga ndi dzanja la Tikambenji basi. Wenzulo wopumulira atalira ndinakhuthula zikho zonse ziwiri m'manja: njere zinali zofanana. Podzutsa mutu ndinawaona aMbewe. Anavala chipewa cha mlaza, ndodo ili m'manja, ndipo mnyamata wina anawapatsa chitsa pafupi ndi mlongoti wa kum'mawa, kumene ife tinkayenera kuponya m'gawo lachiwiri. Sankadziwa kuti mpongozi wawo ali m'bwalomo. Anangotsata anthu.

Ndinatenga chikho cha madzi kupita nacho kwa osewera. Tikambenji anamwa, akupuma mwawefuwefu, nafunsa, "Abwera?" Ndinayang'ana mbendera yofiira imene inali pa mpando wa aNawenzulo. Ndinaganiza kuti nkhalamba maso ake ndi ofooka, anthu ndi ambiri, nthawi yatsala pang'ono. Ndinati, "Sindinawaone."

Anabwerera m'bwalo nasewera monga sanasewerepo chiyambire. Njere zinkangogwera m'chikho chathu, ine mtima ukuvina. Kutatsala pang'ono kuti wenzulo alire, mpira unagunda mlongoti n'kugubuduzika kutuluka malire a phulusa. Tikambenji anauthamangira, nsalu ili m'mwamba, akukuwira mnzake kuti ayime pabwino. Mpirawo unakaima pamapazi pa aMbewe. Tikambenji anawerama, nautola, nadzutsa nkhope.

Tikambenji anagwetsa mpira, nagwada chofulatira, akukokera nsalu pansi. AMbewe anavula chipewa n'kudziphimba nacho kumaso. Anaimirira pang'onopang'ono, anthu nawapatukira, iwo napita. ANawenzulo sanamvetse, ankangoimba wenzulo n'kumakuwa kuti, "Dzuka, Tikambenji, nthawi ikutha!" Amayi awiri anamufunditsa nsalu n'kumutulutsa. Masewera anatha tili patsogolo ndi njere zitatu, mbendera inatsala kwathu. Palibe anaimba.

AMbewe sanali munthu wankhanza. Anangotumiza mawu kwa mwana wawo akuti, "Ndaona chimene sindinayenera kuona, ndipo mudzi wonse wandiona ndikuona." Mawu amenewo anakwana. Sabata isanathe Yelemiya anamuperekeza mkazi wake kumudzi kuti akapepese ndi nkhuku, ndipo Tikambenji sanabwererenso ku mishoni. Kusoka ndi kuwerenga anasiyira pomwepo. Amuna ena ataona zimenezi anayamba kuletsa akazi awo mmodzimmodzi. Mvula itagwa bwalo linamera udzu, chiswe chinadya madengu. A ku Vubwi sanabwerenso kudzaifuna mbendera, inangofwifwa pakhoma. Ine anandisamutsira kochapa zovala. ANawenzulo anandifunsa kamodzi kokha ngati ndinawaona okalambawo. Ndinayang'ana pansi n'kupukusa mutu.

Patapita zaka zambiri ndinakumana naye Tikambenji pa maliro cha ku Mkaika. Tonse tinali ndi imvi. Anandikumbatira, natulutsa nkhani ya masewera yekha, akuseka, akuonetsa ndi manja mmene ankaponyera. Anati nthawi zina akamatonola chimanga amaponya chitsononkho m'dengu ali kutali, adzukulu n'kumadabwa. Ataona kuti misozi yalenga m'maso mwanga anandigwira dzanja. "Musadandaule, aNaphiri. Anthu anali ambiri tsiku lija. Mukanawaona bwanji?" Pamenepo Mulungu anandipatsa mpata wachiwiri. Ine ndinati, "Eee, analidi ambiri." Chaka chotsatira ndinamva kuti watisiya.

Ndagwira ntchito zina pambuyo pake, kuchipatala ndi kusukulu, ndipo anthu ankanditcha wouma mtima chifukwa munthu akandifunsa chinthu ndinkamuyankha momwe chilili, ngakhale chowawa. Sankadziwa kumene ndinaphunzirira. Munthu akakusungitsa maso ake, zimene waona ndi zake, si zako zoti usankhe zomuuza. Tikambenji akanatuluka m'bwalo tsiku lija mwina tikanaluza nsalu yofiira ija, koma akanasewera chaka chotsatira, ndi chinzake.

Ndalemba izi chifukwa pakamwa panga, pamene panandipezera ntchito, panalephera kawiri kunena mawu amodzi. AMbewe anavala chipewa cha mlaza, anakhala pa chitsa pafupi ndi mlongoti wa kum'mawa. Tikambenji, ndinawaona.