Ndinauza Anamwino Kuti Lathyoka Dzulo

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene anabwera kuchokera kusukulu atafungatira dzanja lamanja pachifuwa. Ine n'kuti nditangotsika kombi, minibasi yakuno, kuchokera m'tauni, komwe ndimagulitsa zovala za kaunjika, miyendo ikuwawa ndi kuimirira tsiku lonse. Anati anagwa posewera mpira wamanja, mnzake n'kumuponda padzanja.

"Mama, kubuhlungu," anatero, kutanthauza kuti zikupweteka. Ana anga Chichewa amamva, koma amayankha m'Chindebele.

Ndinakulira m'dera la Mpopoma konkuno, kwa olankhula Chindebele, pakati pa alongo anga anayi, ndipo chaka sichinkatha popanda wina kubinya chala. Uyu wagwa mumtengo wa mapichesi, uyu wapanidwa ndi geti. Mayi athu ankangokoka chalacho, kuthowa ndi madzi otentha, basi. Inenso ndinachita zomwezo. Nditakoka, mwana anakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda, ine n'kumukalipira kuti akundichititsa manyazi.

Kutacha, dzanja linali litatupa mpaka kuseri kwa chikhatho. Anati sangathe kutsuka mbale, ndinati ndi ulesi. Anati akulephera kugwira cholembera, ndinati akuthawa mayeso. Ndinang'amba siketi ina yosagulika n'kumumanga nayo. Tsiku lina ndinamuona akudya ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinamufunsa ngati anaphunzira khalidwe limenelo pakhomo panga. Anasamutsa sipuni mwakachetechete. Atasiya kudandaula, ndinangoti wachira.

Patapita masabata awiri, aphunzitsi ake anandiimbira foni ndili pamsika. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mayi, dzanja la mwanayu mwaliyang'anitsitsa?"

M'mawa mwake tinali pamzere kuchipatala. Anamwino amene anatilandira anali mayi wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu. Anamasula kansalu kanga kaja ndi zala ziwiri, n'kukaika pambali.

"Zachitika liti?"

"Dzulo," ndinatero. Liwulo linatuluka lokha.

Anatembenukira kwa mwana n'kumufunsa zomwezo. Mwana anandiyang'ana, kenako anayang'ana nsapato zake.

"Izolo," anayankha motsitsa mawu. Dzulo.

Atamujambula, anamwino aja anatukula chithunzi pawindo n'kundiitana. Anandionetsa fupa la m'chikhatho, lolunjika kachala kakang'ono. Linali litathyoka, ndipo linali litayamba kale kulumikizana mopindika.

"Fupa lothyoka dzulo silioneka chonchi, mayi," anatero.

Ndinasowa poyang'ana. Iwo anapitiriza kulankhula uku akulemba pakhadi. Anati zaka zonse zimene agwira ntchito pamenepo, manja a ana sanasiyepo kubwera, makamaka sukulu zikatsegulidwa. Kale ambiri anali ogwa m'mitengo, masiku ano ndi a mpira, a zitseko za kombi, ndi anyamata omenya khoma akapsa mtima.

"Kuthyoka n'kwa mwana aliyense," anatero. "Koma musadzakokenso chala cha mwana, mwamva?"

Sindinawauze kuti ndinakoka. Mwina mwana anawauza pojambulitsa, mwina anangodziwa okha.

Adokotala anati kuwongola fupalo bwinobwino kungafune kulithyolanso, ndipo poti kupindikako sikunali kwakukulu, kunali bwino kulisiya. Anamuika chikhakha mpaka pafupi ndi chigongono.

Pobwerera tinakhala kumpando wakumbuyo kwa kombi, titapanikizana ndi anthu. Ndinamunong'oneza kuti, "Unanamiranji?"

Anandiyankha m'Chichewa chake chopunduka, kuti anthu ena asamve.

"Ndimaopa akukalipirani, amayi."

Ndinatembenukira kuwindo mpaka tinafika. Ndikanatha kupepesa pomwepo, koma m'malo mwake, titatsika, ndinamugulira mabanzi awiri pa kashopu ka pakona pathu. Masabata otsatirawo ndinkamusambitsa, kumumanga mabatani, kumupesa tsitsi ngati khanda. Iye ankaseka, ati zimamukomera.

Pano ndi wamkulu, amaluka anthu tsitsi m'tauni. Akafumbata dzanja, kachala kaja kamakwera pamwamba pa chala chinzake. Makasitomala akamufunsa, amangoti anagwa pampira ali mwana. Bambo ake, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku Joni, mpaka lero amangodziwa zoti mwanayo atagwa, tinapita kuchipatala m'mawa mwake.