Nyimbo imene ndinayambitsa pageti pa Chanda

Ndikukumbukira fumbi la pabwalo la sukulu ku Kabwata, ndili giledi 5, chisankho chili pafupi. Ba Sakala, aphunzitsi a kwaya, anatiuza kuti kukubwera bwana wamkulu wa chipani kudzatsegula zimbudzi zatsopano, ndipo tiyenera kumuimbira. Milungu iwiri masamu sitinawaone. Zimbudzizo zinali zokhoma kudikira bwanayo, ife tinkathamangirabe kuseri kwa mpanda.

Nyimboyo inali yokoma, ya ng'oma yofulumira. Inkati a chipani chinacho ndi makoswe, atuluke m'nyumba. Ine ndinali ndi mawu okwera, choncho ndinkayambitsa, anzanga n'kumavomera. Bwana uja anandisisita pamutu ndi dzanja lonunkhira pefyumu, mtima wanga unachita kuuluka.

Mnzanga wa pabenchi anali Chanda. Amayi ake ankagulitsa tomato ku msika wa Soweto, ndipo ndikapita kwawo ankandipatsa chitumbuwa chotentha, mafuta akudontha papepala. Tsiku limene bwana uja anabwera, tikuweruka, gulu lonse tikuimbabe, ndinaona chitenje cha chipani chinacho chili pachingwe pakhomo pawo. Palibe anandituma. Ndinaima pageti, n'kuyambitsa.

Anzanga anavomera. Anyamata akuluakulu a pa siteshoni ya minibasi anamva, anabwera akuvina, kenako mwala, kenako wina, galasi la zenera n'kusweka, mwana wakhanda akulira m'kati, ine pakamwa pali potsegulabe. Amake Chanda anatuluka m'manja muli thovu la sopo. Sanayang'ane anyamata aja. Anayang'ana ine.

"Esitere, na iwe mwana wanga? Ndise makoswe ise?"

Ndinathawa. Mwezi usanathe anasamukira ku Lilayi, ndipo pabenchi panakhala wina. Kunyumba sindinanene kanthu.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti nyimboyo sindinaisiye. Inachokera kwa aphunzitsi, ndiye ndinkati ndi yoona ngati teyibulo ya 2 ya masamu. Sukulu ndinalekera giledi 7, ndipo nditavota koyamba ndinachonga kumene nyimboyo inkaloza, osadziwa n'komwe kuti anthuwo akulonjeza chiyani.

Masiku ano nyimbo sizidikira aphunzitsi. Zimabwera pa malole a masipika, zili m'mafoni, zimalowa pazenera ngakhale utseke. Mwana wanga Gilesi ali giledi 1, ndipo ndimamuyang'ana milomo akamasamba, akamasewera, ndimve chimene akung'ung'udza. Dzulo wabwera ndi nyimbo yatsopano kuchokera kusukulu, akuti akuikonzera mlendo. Ndamufunsa tanthauzo lake, wati, "Kaya, mami, koma imveka bwino!"

Ine ndimaopa maofesi, pamaso pa ahedi Chizungu chimandithawa. Koma mawa ndimuperekeza mpaka m'kalasi, ndikapemphe andilembere mawu onse papepala, ndiwawerenge ndekha pang'onopang'ono, ndi chala, mwana wanga asanaimbenso.