Lolemba ndi la miyendo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe ndinawagwetsa bambo anga. Anali atangofa ziwalo mbali yakumanja, ndipo tinkatsika nawo kumsewu kuti tikwere minibasi ya ku Malomo. Kwathu nyumba ili pamwamba pa chitunda, njira yake ndi miyala yokhayokha. Ndinawabereka. Pakati pa mtsetse maondo anayamba kunjenjemera, kenako tonse tinali pansi. Bambo sanakalipe. Anangoti, "Usavutike mwanawe, thupi lako ndi la m'kalasi."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama. Kwathu wonyamula ndi kusambitsa bambo ndi mwana wamwamuna, ndipo mwana wamwamunayo ndinali ine ndekha, woonda ngati bango. Ndinalumbira kuti ndikawagulira njinga ya olumala, ndikabwerenso ndi thupi. Lero ndikuvomera kuti ndinkathawanso manyazi.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya ulonda, kuimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndalama inkangodutsa m'manja, ina ku lendi, ina kumudzi. Ndinkasungulumwa kwambiri, moti masiku ena ndinkayankhula ndi geti lomwe ndinkalondera. Kuseri kwa nyumba yomwe tinkagona anyamata anali ndi zitsulo zawo zonyamula polimbitsa thupi, zina zitini za simenti zolumikiza ndi paipi. Mpata wofikako ndinkaupeza katatu kokha pa sabata, ola limodzi limodzi.

Ndinachita zomwe anyamata onse ankachita. Ndikafika, chifuwa ndi manja. Kubweranso, chifuwa ndi manja. Patapita miyezi ingapo ndinatumiza chithunzi kwa achemwali anga aakulu, a Esinala, nditavula malaya. Yankho silinachedwe: "Chifuwa tachiona. Nanga miyendo unaiiwala paboda?"

Amene anandikonza ndi a Matiyasi, mlonda mnzanga wachikulire wa ku Madisi. Anandifunsa chomwe ndinkavutikira ndi zitsulo, ndipo ndinawafotokozera za mtsetse uja. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nkufunsa, "Tsono bambo akowo udzawanyamula ndi chifuwa?" Anati mnofu umakula tsiku lomwe wapuma, ndipo mlimi wanzeru sabzala chimanga pamalo amodzi chaka ndi chaka. Masiku anga atatu aja anawagawa. Lolemba miyendo, chifukwa thupi limakhala litapuma Lamulungu: kunjuta ndi kudzuka chitsulo chili pamapewa, kenako kukwera masitepe ndi thumba la mchenga kumsana. Lachitatu msana. Loweruka chifuwa ndi manja, zomwe iwo ankati za pachithunzi.

Lolemba ndinkadana nalo. Lachiwiri lililonse ndinkapita kuntchito ndikuyenda ngati bakha, anyamata kumandiseka kuti miyendo imabisika m'buluku, ndikuvutikiranji. Ndinkangoluma mano, maganizo ali pa mtsetse. Zaka zitatu sindinadumphe Lolemba ngakhale limodzi.

Pafoni uthenga unali umodzimodzi: bambo ali bwino, akukufunsa. Sindinafunsepo kuti akuwanyamula ndani. Ndinkaopa yankho lake.

Ndinabwerera chaka chatha, njinga ya olumala ili pamwamba pa minibasi. Njingayo inathera pamsewu pomwepo, chifukwa pamiyala ya kwathu matayala ake sakanayenda. Zaka zitatu ndikuisungira ndalama, osaganizako za njira yomwe ndinakulira!

Madzulo ake a Esinala anandiuza zomwe ndinkaopa kufunsa zija. Amuna atatu anali atagawana masiku a sabata kuti aziwasamalira bambo. Alamu anga ankabwera Lolemba, mkulu wina wa mpingo wathu Loweruka, ndipo Lachitatu a Yusufu a pagolosale ankatseka sitolo ola lathunthu kudzawasambitsa bambo ndi kuwatulutsa padzuwa. Palibe anawatuma. Kugawa masiku komwe ndinakakuphunzira kutali, kwathu ankakudziwa kale. Ndinapita kwa aliyense kukathokoza ndi kunena kuti tsopano apume, mwini ntchito wafika. A Yusufu anakana. Anati masiku enawo nditenge, koma Lachitatu ndi lawo.

Lamulungu bambo anati akufuna kupita kutchalitchi, komwe sanapondeko chiyambire matenda. Ndinanjuta patsogolo pawo monga a Matiyasi anandiphunzitsira, msana wowongoka, mapazi otalikirana. Nditawabereka ndinakoka mpweya, nkudzuka ndi mphamvu zonse za zaka zitatu. Ndinangotsala pang'ono kudzandira. Bambo anali opepuka ngati thumba la madeya. Munthu amene ndinkakonzekera kudzanyamula anali atathera pamphasa ine ndili kukwera masitepe a eni. Misozi inatuluka, ndipo ndinalibe dzanja lopukutira.

Tinayamba kutsika. Pamalo pomwe tinagwera paja miyendo sinagwedezeke nkomwe, ndipo ndinawonjeza liwiro kuti aone. Ndipamene dzanja lawo lamanzere linandigwira paphewa.

"Yenda pang'onopang'ono mwanawe," anatero bambo. "Tisafike msanga."

Ndinachepetsa liwiro, ndipo tinalowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba itatha.