Nthawi ya ku Chicago

Malume anagogoda galasi la wotchi yawo ndi chikhadabo. "Khalani pansi, chemwali. Nthawi ilipo."

Wotchiyo inali ya golide wabodza, lamba wake wosupuka. Inkatsalira ndi ola lathunthu, mwadala. Malume anagwirapo ntchito ku Chicago miyezi itatu, yotsuka mbale mu hotela ina, ndipo kuyambira pamenepo ankayendera nthawi ya kumeneko. Ife tinkakhala ku South Bend, kumene nthawi imatsogola ndi ola limodzi. Iwo ankati imeneyo ndi nthawi ya anthu akumudzi. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinachokera ku Zomba ine ndi mayi, n'kumagona m'chipinda chapansi kwa malume, pafupi ndi makina ochapira. Inali nyengo ya sinowo. Ndimakumbukira mchere wothira m'misewu kuti sinowo asungunuke utayeretsa nsapato, ndi fungo la jekete yonyowa. Mayi anali nesi kwathu. Kuno unesiwo sunkawerengedwa mpaka atalemba mayeso ku Chicago. Anawerenga nyengo yonseyo atafunda bulangete, mabuku ali pamwamba pa makina. Mapepala athu okhalira m'dziko muno anali pafupi kutha. Mwayi unali umodzi basi.

Sitima ya ku Chicago inkanyamukira pa bwalo la ndege. Loweruka lina malume anatitenga kukationetsa, ngati ndi yawo. Inali ya magetsi, mawaya pamwamba, anthu akuodzera m'mipando isananyamuke n'komwe. Malume anatola kapepala ka nthawi za sitima n'kupinda m'thumba.

Tsiku la mayeso mayi anavala kusanache. Pakapepala ka sitima kaja panalembedwa 7 koloko. Malume anati sitimayo ndi ya ku Chicago, ndiye 7 ameneyo ndi wa kumeneko, kuno ndi 8. "Ndacheka kale. Sitima iyi ndinayamba kukwera inu musanaione ndege."

Ine ndinatsegula pakamwa. Aphunzitsi anga ankakwera sitima yomweyo kukaona mwana wawo, ndipo anatiuzapo m'kalasi kuti nthawi yonyamukira kuno imalembedwa ya konkuno.

"Malume, aphunzitsi anati..."

Sindinamalize. Mayi ananditsina pantchafu, kunsi kwa tebulo, mpaka misozi inalengeza. "Akulu akamayankhula umatani?"

Malume anaseka n'kupempha tiyi wina. Anamwa pang'onopang'ono, akuuzira. Mayi anali atakhala kunsonga kwa mpando, chikwama pamiyendo, maso ali pa manambala obiriwira a wotchi ya pa chitofu.

Tinafika pa siteshoni sitima kulibe. Njanji zokhazokha, sinowo atayamba kuzikwirira. Bambo wina wokolopa pansi anati inapita kalekale, yotsatira ndi ya masana.

Pa galimoto ya malume tikanafika. Ndikudziwa. Ndinabweranso m'dziko muno ndili wamkulu, ndimakhala ku Indianapolis, ndimayendetsa lole, ndipo mtunda umenewo ndauyenda kosawerengeka. Koma malume misewu ikuluikulu ya ku Chicago ankaiopa, ndipo mawu akuti "ndikuopa" m'kamwa mwawo sakanatuluka. Mayeso anapita. Patatha miyezi iwiri tinabwerera ku Zomba. Sukulu ndinalekera sitandade 8. Sindikuti zonse ndi iwowo. Koma zambiri.

Tsiku limenelo ndinakwiyira mayi, osati malume. Ndinkati mayi ndi opusa, anditsina ine wodziwa n'kumvera wosadziwa. Sindinkadziwa kuti iwonso ankadziwa. Munthu wowerenga mlingo wa mankhwala sangalephere kapepala ka sitima. Koma denga linali la malume, dzina lotiimira pa mapepala linali la malume, ndipo mlongo satsutsa mwini mbumba mwana akuona. Anaika mayeso awo mbali iyi, ulemu mbali iyo, n'kusankha ulemu. Ulemu wopatsa munthu wotero!

Ine ndinangoona izi. Mayi anapinda maondo pang'ono, pa simenti yozizira ya pa siteshoni, anthu achilendo akudutsa.

"Achimwene, mwina mungatidiraivire?"

Malume anayang'ana njanji. Anayang'ana denga. Anakweza kolala ya jekete mpaka m'makutu, n'kutembenuka, n'kumapita kukhomo lotulukira.