Galu Amene Ankaonera Amuna Anga

Amuna anga anayamba kudwala ng'ala tili pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, chitangotha chaka chija cha njala. Ankagwira ulonda wa masana, kuyang'anira nkhalango ya bulugama imene fakitale inkatengako nkhuni zoumitsira tiyi. Diso lamanzere linali litayereratu, lamanja linkangoona zithunzithunzi. Tinkadziwa ndife awiri basi. Akapitawo akanangomva, ntchito ikanatha, ndipo pa esiteti nyumba imapita limodzi ndi ntchito. Kwathu kwa Mphuka kamunda tinali titasiyira achemwali anga, iwonso ali ndi chigulu cha ana. Tikanalowera kuti?

Amene ankabisa nkhaniyi anali galu. Galu wachabechabe, wofiirira, nthiti zili pamtunda, khutu lina logwa. Ndisaname, ine sindinkamukonda, ankandibera mazira. Koma m'mawa uliwonse ankatsogola, abambo pambuyo akumvetsera mapazi ake. Chikwanje chikalira m'nkhalango, iye ankathamangira komweko akuuwa, abambo n'kutsatira. Njinga ya akapitawo ankaizindikira ikadali kutali, n'kulira mwamtundu wina, abambo n'kuimirira, kukonza jekete, n'kupereka moni mbali yoyenera.

Lachisanu lina madzulo kunabwera mayi wa khomo lachitatu kuchokera pathu. Anali atangosamukira kumene kuchokera kwa Changata, ndipo dzulo lake anali ndi chinkhoswe cha mwana wawo. Anagwada pakhonde ndi poto wodzaza.

"Mayi, simunabwere dzulo. Ndati mulaweko."

Nditavundukula, ndinapeza nyama ya nkhumba, yonona, mafuta ali yandayanda. Ife osunga Sabata nkhumba sitidya, ngakhale kuiika m'mbale zathu. Mawu anali ochepa oti ndinene, ndipo pakamwa panga sipachedwa, aliyense pa kompaundi ankadziwa. Koma munthu wachilendo, akumwetulira, chaka choti anthu ankabisirana ndi gaga yemwe, ndimubwezere chakudya? Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Dzuwa linali litapendeka, Sabata lili pafupi kulowa, ndipo sindinkafuna kuti lipeze chinthucho m'nyumba mwanga. Kutaya kudzala, nkhuku zikanafukula mwini wake n'kuona. Kupatsa khomo lina, mawa lomwe akanamva. Ndiye ndinapita kuseri, n'kukhuthulira galu zonse, minofu, mafupa ndi msuzi womwe. Galu wozolowera mikute ndi madeya. Anameza osatafuna, mpaka kunyambita dothi. Ine kuseka, ndikuti lero wadya Khirisimasi. Ndinali chitsiru, ndipo mpaka pano sindinadzikhululukire.

M'mawa wa Sabata sanabwere kudzakanda chitseko. Ndinamupeza pansi pa thandala, mimba itatupa ili gwa, malovu akuyenderera. Ankadzikakamiza kusanza, kumangotuluka thovu. Abambo anagwada, n'kumusisita mimba ndi manja onse awiri.

"Mayi, wadya chiyani uyu?"

Ndinawauza.

"Yonse?"

"Yonse."

Anapitiriza kumusisita. Bola akanandikalipira. Ndinakalipa ndine, kuti galu wanji wosadziwa kukhuta, kuti nanga ine ndikanatani, ndidye ndine? Iwo anangokhala pansi, dzanja lili pamsana pa galuyo.

Kutchalitchi sitinapite. Chibatizidwire ndinali ndisanakolezepo moto pa Sabata, koma tsiku limenelo ndinakoleza. Ndinasinja makala monga timachitira munthu akatsegula m'mimba, n'kusungunula m'madzi ofunda. Abambo ankamukanula kukamwa, ine ndikuthira ndi supuni pang'onopang'ono. Theka linkatayikira pachitenje changa. Ndinawiritsa kampunga kotsala m'nyumba, n'kumupatsa madzi ake. Anabweza zonse. Ndinamuyalira chiguduli pamthunzi, ndikumupukuta kukamwa, ndikuingitsa ntchentche, ine yemwe uja ndinkamugenda ndi chitsononkho.

Masana mayi wina wa mpingo wathu, namwino wa kuchipatala cha mishoni, anapatuka ataona utsi.

"Moto lero, mayi? Akudwala ndani?"

"Galu."

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Komabe anawerama, n'kudina mimbayo, galu n'kulira. Anati za ziweto sazidziwa, koma akuopa kuti mafupa abaya matumbo. Tisamupatsenso chakudya, madzi okha pang'ono, ndipo alangizi a ziweto kuboma sapezeka mpaka Lolemba. Ataona misozi yanga anati, "Mayi, ndi galu ameneyu, mupeza wina." Sindikanatha kumuuza kuti wina sangadziwe njinga ya akapitawo.

Lamulungu abambo anapempha mnzawo kuti awagwirire ntchito. M'mawa galu anadzutsa mutu, ananyambita madzi yekha, mchira n'kugwedeza kawiri. Mtima wanga unakhala pansi, mpaka ndinayamba kumunyoza, kuti wakuba iwe, uchire udzandimalizire mazira. Pofika masana anayamba kutsegula m'mimba, zakuda zosakanikirana ndi magazi. Anakwawa n'kukatsamiritsa mutu paphazi la abambo. Iwo ndi amene anayamba kudziwa. Anangoti, "Mayi, bweretsani khasu."

Tisanakumbe n'komwe, mwini poto anabwera kudzatenga poto wake. Anafunsa ngati mchere unakwana. Ndinati unakwana, zikomo kwambiri. Galu ali pansi pa chiguduli, kuseri kwa nyumba.

Kuyambira Lolemba abambo ndinkawaperekeza ndine kuntchito m'mamawa, kudzera m'tinjira ta m'minda ya tiyi anthu othyola asanachuluke. Ndinkawasiya pachitsa china pakhomo pa nkhalango, chifukwa mkazi akapezeka m'katimo amati wabwera kudzaba nkhuni. Ankakhala pamenepo tsiku lonse, chibonga chili pamiyendo, akutchera khutu. Koma nkhalango ndi yaikulu, ndipo anthu sanachedwe kuzindikira kuti sikukuuwanso kanthu. Mlungu wachiwiri mitengo inagwa kumunsi, n'kusenzedwa dzuwa likuswa mtengo.

Tsiku limene akapitawo anabwera, ine ndinalipo, nditabweretsa mbatata ya nkhomaliro. Njinga anaisiya patali, n'kuyenda paudzu mwakachetechete mpaka kuima patsogolo pa abambo. Ndinafuna kutsokomola, koma anandiloza ndi chala kuti ndikhale chete. Abambo anapitiriza kusenda mbatata, akundiuza kuti yamadzi.

"Madala," akapitawo anatero. Abambo anadzambatuka, mbatata n'kugwa. "Ndakweza zala zingati?"

Abambo anatembenuzira nkhope kumene ankaganiza kuti ndili. Ndinali mbali inayo. Ndikanatha kunong'ona, koma ndinkawadziwa amuna anga, sakanabwereza bodza langa.

"Sindikuona, bwana."

"Chiyambire liti?"

"Kalekale, bwana."

Akapitawo sanali munthu woipa. Anati nyumba tikhalemo mpaka mwezi uthe. Abambo anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino, n'kuipereka pamodzi ndi chibonga.

Pobwerera ndinafuna kudzeranso m'tinjira tija, koma iwo anakana. Anati tidzere mumsewu waukulu, palibenso chobisa. Anagwira nsonga ya chitenje changa, ndipo tinadutsa pakati pa anthu amene anali pamzere wokayezetsa tiyi, madengu ali kumsana. Palibe amene anatipatsa moni, onse anangotipatukira. Titawapitirira, abambo anandifunsa chapansipansi ngati kunyumba kwa achemwali anga kuli masitepe.